Nyongolotsi pa Mbale ya Kachete

1. Epuloni imodzi, atsikana awiri

Kuseri kwa siteji ya mabasi, pakati pa shopu ya telala ndi kakhumbi ka wokonza njinga, amayi ake a Tsabola anali ndi malo okazingira nsomba. Malo ake sanali oti munthu n'kudzitama nawo: malata anayi pamwamba, mabenchi awiri, tebulo lotsimphina limene ankaliikira njerwa kuti liime ngati anzake, ndi chiwaya chakuda bii chimene chinayamba ntchito Tsabola asanabadwe.

Tsabola anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Dzinali sanapatsidwe pobadwa ayi, analigwirira ntchito ndi pakamwa pake. Ukamufunsa njira ya kumsika ankakulozera bwinobwino, kenako n'kukuuza kuti ndi nsapato zimenezo kuli bwino udzere njira ya kuseri.

M'nyumba mwawo munkakhalanso msuweni wake, mwana wa amalume ake, amene anabwera chaka chathacho mayi ake atamwalira. Anafika ndi kachikwama kamodzi ndi mayankho anayi: "Ee," "Ayi," "Zikomo" ndi "Ndamva, azakhali." Anthu a pamsewupo sanachedwe kumutcha Kachete.

Poyamba Tsabola anamukonda. Ndani sakonda munthu womvetsera amene sadula mnzake mawu? Zinthu zinasintha tsiku limene Kachete anagwira mpeni.

Mtsikanayo anali ndi manja. Nsomba ankaitumbula kamodzi n'kamodzi, osaboola ndulu. Akaikazinga inkatuluka yofiirira kunja, yofewa mkati. Tsono amayi anali ndi lamulo lakuti aliyense aziika chizindikiro pa nsomba zake, kuti wolakwitsa azidziwika. Tsabola ankadula mchira mowongoka, Kachete ankaung'amba pakati. Lamulolo analiikira kugwira wolakwa, koma linayamba kugwira ntchito ina. Makasitomala anaphunzira kuwerenga michira.

"Mayi, mundipatse ya mchira wong'amba."

"Zonse ndi nsomba, bambo," Tsabola ankayankha. "Kapena inu mumadya mchira?"

"Ndidikira ya mchira wong'amba, mwanangu. Sindikuthamangira kulikonse."

Ndipo amayi, m'malo mothira madzi pamoto, ankathira parafini. "Taona mmene mnzako akugwirira mpeni. Iwe umagwira ngati ukukumba mbatata."

Ndiye kunabwera nkhani ya epuloni. Kumtunda kwa msewu waukulu kunali malo odyera a zitseko zagalasi, kumene anthu amadya ndi mafoloko n'kusiyako chakudya dala kuti aoneke kuti kwawo kulibe njala. Mkulu wophika kumeneko, amene aliyense ankangowatcha a Khukhi, anali kasitomala wakale wa amayi. Anatumiza mawu akuti akufuna mtsikana mmodzi woti amuphunzitse ntchito patchuthi, ndipo akadzamaliza sukulu adzamulembe. Abwera Loweruka masana kudzalawa. Mtsikana aliyense akonze mbale yake.

"Mmodzi?" Tsabola anafunsa.

"Mmodzi," amayi anayankha. "Epuloni savala awiri."

"Ndiye palibe nkhani. Mwana wanu ndine."

"A Khukhi sakubwera kudzalawa ubale, akubwera kudzalawa nsomba," amayi anatero. Kenako anapukuta manja n'kuwakhazika onse awiri pabenchi. "Tamverani nonse. Ndisanabwere pano ndinkakazinga kumsika wakale. Tinalipo amayi awiri oyandikana, ziwaya zathu zinkachita kugundana. Mnzangayo ankauza anthu kuti mafuta anga ndi a chaka chatha, ine n'kumabwezera kuti nsomba zake ndi zogona. Tinkayesa kuti anthu asankha mmodzi. Anthu sanasankhe, anangosamukira kwa bambo wowotcha nyama kutsidya. Tonse tinatsala tikuingitsa ntchentche. Ndiye Loweruka aliyense ayang'ane chiwaya, asayang'ane mnzake. Amene a Khukhi amutenge, watengera nyumba yonse."

"Ndamva, azakhali."

"Inenso ndamva," Tsabola anatero, "koma mafuta anu aja analidi a chaka chatha?"

Tsiku lomwelo anadzimanga nsalu ya pilo m'chiuno n'kumayenda uku ndi uku kutsogolo kwa galasi la a Telala.

"Iwe msuweni, kodi kumalo kuja ukawauza chiyani alendo? 'Ndamva, azakhali'?"

Kachete anangomwetulira n'kupitiriza kunola mpeni wake pamwala. Kumwetulirako ndiye kunamupweteka Tsabola. Munthu ukamunyoza umafuna akubwezere, kuti nawe upeze pogwira.

2. Alendo a m'mimba mwa mlamba

Loweruka m'mawa anafika a Mamba, mkulu wogulitsa nsomba amene ankabweretsa dengu lake panjinga kuchokera kwa asodzi a kumtsinje. Ankatchedwa choncho chifukwa mamba a nsomba sankawachoka: m'mikono, pachipewa, nthawi zina ngakhale m'ndevu.

"Odi eni chiwaya! Lero ndabweretsa milamba yoti a Khukhi anuwo aiwale njira ya kwawo."

"Mwachedwa, achimwene," amayi anatero. "Dzuwa lakwera. Kapena mumadikira kuti nsombazo zikule?"

"Njinga yakalamba, achemwali, ngati mwini wake."

Atsikana anasankha milamba iwiri ikuluikulu, wina wake wina wake, n'kugwada pamabeseni awo kuseri kwa tebulo. Tsabola ndiye anayamba kucheka. Atangotsegula mimba anaona tinthu tofiira ngati ulusi titapiringizana pakati pa matumbo. Kamodzi kanatambasuka pang'onopang'ono, ngati munthu wodzutsidwa kutulo, n'kugwira chala chake.

"Mayi ineee! Nyongolotsi!"

Mpeni unagwera uko, beseni uko.

"Tseka pakamwa!" amayi anatero, maso ali kumsewu. "Mawu amenewo sakuwa pamalo a chakudya. Kasitomala akangowamva amasiya mbale ili yodzaza, ndipo wophikayo dzina lake limathera pomwepo."

Mawu amenewa Tsabola anawamva bwino, anawasunganso.

A Mamba anatsamiritsa njinga pakhoma n'kukhala pabenchi, akuseka mpaka kutsokomola.

"Ana a masiku ano! Mukuganiza kuti nsomba imakulira m'chipatala? Nsomba ya mumtsinje imadya chimene yapeza, ilibe woiphikira. Tamverani. Mbalame zija zimaima m'madzi ndi mwendo umodzi zikagwetsa zitosi, mumakhala timazira ta nyongolotsi. Tizilombo ta m'matope timameza timazirato, kansomba kakang'ono n'kumeza tizilomboto, mlamba n'kumeza kansombako. Ndiye mlendo uja wasamuka nyumba zitatu popanda womuitana. Ine ndatumbula nsomba zaka makumi atatu. Ndaona zofiira ngati izi, ndaona zoyera zopyapyala ngati kansalu komangira tsitsi, ndaona timadontho takuda pakhungu. Sikuti nsombayo yaola ayi. Nsomba yoola uidziwa ndi mphuno, ndi diso lolowa mkati, ndi mnofu woti ukadina ndi chala dzenje limatsala. Imeneyo ndiye ya kudzala, ngakhale ilibe nyongolotsi ndi imodzi yomwe."

Tsabola sanadikire mapeto. Anathamangira kumpopi, kuseri kwa shopu ya a Telala, n'kusamba m'manja katatu ndi sopo, kachinayi ndi mchenga. Choncho mbali imene ikanamuthandiza inamudutsa. Anaimva Kachete yekha, uku akutola nyongolotsi za mumlamba wake ndi nsonga ya mpeni, osachita ndi tsinya lomwe.

"Mwanangu," amayi anatero, "lamulo la pano ndi ili, ndipo udzaphunzitse ana ako. Nsomba uziitumbula ikangofika, chifukwa ukachedwa alendowa ena amachoka m'matumbo n'kulowa mumnofu. Ucheke mnofu mizere yakuya, uyang'ane padzuwa, chimene waona uchotse. Ukapeza kuti zachuluka mpaka mnofu wachita mabowo, usaumire, taya. Kenako moto. Chimene diso laphonya, moto suphonya. Ipse mpaka pafupa, mnofu uyere, uzichoka wokha paminga. Asakunamize anthu kuti mchere umapha, ndimu amapha, kautsi ka ola limodzi kamapha. Amene amadwala ndi amene amadya yosapsa, yofiira pafupa, chifukwa cha phuma. Ndipo chachikulu ndi ichi: chaiwisi ndi chakupsa sizibwerekana mbale, sizibwerekana mpeni, sizibwerekana dzanja. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

Kachete anaika nyongolotsi zonse, zake ndi za msuweni wake, m'kapu yakale yothyoka chogwirira. Anavundikira ndi sosa n'kuikankhira pansi pa tebulo kuti moto ukayaka azitenthe, pakuti pamalopo sankazitaya kudzala kuopa amphaka. Kenako anamaliza kutumbula mlamba umene Tsabola anauthawa.

Tsabola pobwera anapeza nsomba yake yayera kale.

"Wakutuma ndani?"

"Ndimati ndikuthandize."

"Kuti a Khukhi amve kuti mbale zonse ziwiri ndi zako? Iwe kuchenjera kwako n'kwa chiswe, kudya nyumba eni ake akukuyesa dothi."

"Tamuthokoza mnzako," amayi anatero. "Akanakhala wina akanakusiyira momwemo."

Tsabola anathokoza ndi mano okha.

3. Mbale ya maluwa

Dzuwa litakwera, mafuta anayamba kulira m'chiwaya. Tsabola anakazinga poyamba, moto uli lawilawi, akutembenuza nsomba kawirikawiri ngati ikufuna kumuthawa. Kachete anadikira kuti makala akhazikike. Anapaka nsomba yake mchere, adyo ndi ndimu, anaigoneka m'mafuta n'kuisiya, manja ali kumbuyo.

Fungo linatuluka, linakhota pakona n'kukalowa m'shopu ya a Telala. Makina osokera anaima.

"Mayi!" a Telala anakuwa, tepi ili m'khosi. "Ndani akundizunza chonchi? Ndasoka thumba la buluku chadodolido chifukwa cha fungo limeneli!"

"Ndi mwana wa achimwene anga."

"Ameneyo ndiye wapita, tiyambiretu kutsanzikana naye. Tsabola, iwe utsala nafe, eti? Usadandaule, pakamwa pakopo tikupafuna pano, pamatithamangitsira tulo."

Anthu a pabenchi anaseka. Tsabola nayenso anaseka, kuseka kwa munthu amene waponda minga pamaso pa apongozi.

Kenako amayi anatsegula katoni n'kutulutsa mbale ziwiri zimene anabwera nazo kuchokera kunyumba. Ina inali yoyera, yobenthuka pang'ono m'mphepete. Ina inali ya maluwa abuluu, ya m'kabati, imene Tsabola anakula akuionera pagalasi osaloledwa kuikhudza. Amayi sanaganize kawiri. Nsomba ya Kachete inali yaitali, mbale ya maluwa inali yaikulu, basi anaikapo.

"Amayi, mbale imeneyo..."

"Yatani?"

"Ine munandimenya nditangoigwira."

"Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo unkafuna kudyetseramo galu. Tavundikira mbalezo uziike pashelefu, a Khukhi ali pafupi kufika."

Shelefuyo inali thabwa lokhomedwa kukhoma la kumbuyo, lofika munthu pachifuwa. Tsabola anaika mbale yake. Anaika ya Kachete, n'kuima akuiyang'ana. Nsombayo inali itagona pamaluwapo ngati mwini nyumba.

Amayi anali atatembenukira kwa makasitomala. Kachete anali atagwada pambaula akuwonjezera makala. Pansi pa tebulo kapu ija inali ikadali pomwepo, pakuti chipwirikiti cha Loweruka chinawaiwalitsa onse.

Nsanje ndi mphunzitsi woipa, ana inu. Imakuonetsa poyambira, koma pothera imati ukaona konko.

Tsabola anawerama ngati akumanga zingwe za nsapato, chonsecho anali atavala patapata. Anasuntha sosa. Mtsikana yemwe uja amene m'mawa anasamba m'manja kanayi anatola kamtengo ka machesi, anasankha nyongolotsi yaitali kuposa zonse, n'kuigoneka pambale ya maluwa, pansi pa mchira wong'amba. Anavundikira. Kamtengoko anakaponya kuseri kwa katoni. Ntchito yonseyo sinatenge nthawi yoti munthu ayetsemule kawiri.

4. A Khukhi akweza kamtengo

A Khukhi anafika wapansi, atanyamula kajumbo. Anali munthu wamfupi, wadazi, wa mikono yodzaza zipsera za mafuta. Anapereka moni kwa aliyense, anakhala pakati pa benchi n'kutulutsa foloko yawoyawo m'thumba la malaya.

"Msilikali sabwereka mfuti," anatero. "Tiyeni tione."

Amayi anabweretsa mbale yoyera poyamba. A Khukhi anacheka pafupi ndi fupa la msana, anasuzumira mkati, anatafuna nthawi yaitali.

"Yapsa mpaka pafupa, pamenepo wakhoza. Mchere uli bwino. Koma mwanangu, nsombayi munakangana? Waitembenuza mpaka yauma ngati nsapato ya sukulu."

"Inayamba ndi iyoyo, bambo," Tsabola anayankha, ndipo a Khukhi anaseka pamodzi ndi benchi yonse.

Kenako inabwera mbale ya maluwa. Amayi anaiika patebulo monyadira n'kuchotsa chovundikira.

Nyongolotsi ija inali itatopa kukhala pansi pa mchira. Inali itatuluka, ili pakati pa duwa labuluu, ikudzipinda n'kutambasuka ngati yaitanidwa kuti idzavine.

Mayi wina wogulitsa nthochi, amene anali pakati pa kudya, analavula. "Nyongolotsi! Anthuni, tikudya nyongolotsi pano!"

Mbale zinakankhidwa. Dalaivala wina anaimirira akupukuta lilime ndi mpango. A Telala anabwerera chafutambuyo mpaka pakhomo la shopu yawo. Amayi anagwira tebulo ndi manja awiri, nkhope itachita phulusa. Kachete anangoti maso tong'o pambaleyo.

"Mayo, msuweni," Tsabola anatero, dzanja lili pakamwa. "Sunayang'anitsitse?"

A Khukhi okha sanasunthe. Anatola nyongolotsiyo ndi kamtengo kotokosera m'mano n'kuikweza m'mwamba kuti onse aione.

"Khalani pansi, abale anga. Inu adalaivala, bwezerani lilime m'kamwa. Ndikufunseni: ndani mwa inu angaviike chala m'chiwaya icho n'kuwerenga mpaka teni? Palibe. Nanga kanyama aka, kopanda ngakhale malaya, kakhale m'mafuta owira nthawi yonse ija n'kutulukamo kakuvina? Ine ndinayamba kuphika ndevu zisanamere. Nyongolotsi yodutsa pamoto imauma, imasanduka kaulusi kakufa, singakuchiteni kanthu. Munadyapo zambiri osadziwa, ndipo ena mwa inu mukuoneka kuti zakuyanjani. Yoopsa ndi yamoyo, yolowa m'mimba pamodzi ndi nsomba yosapsa. Imeneyo ikhoza kukugonekani m'chipatala, dokotala n'kumakufunsani zimene munadya dzana. Tsono iyi ndi yamoyo, yozizira, yonyowa. M'chiwaya sinalowemo. Yafika pambale pano nsomba itaphulidwa kale."

Basi ina inaliza hutala kusiteji, koma palibe anatembenuka.

A Khukhi anaponya nyongolotsiyo pamakala. Anapempha kuti nsomba ibwerere m'mafuta, popeza inali itakhudzana ndi chaiwisi, ndi kuti iikidwe pambale ina. Itabwera anadya pamaso pa onse mpaka kuyamwa minga. Dalaivala uja anakhala pansi mwamanyazi n'kukokanso mbale yake. Mayi wa nthochi sanabwerere. Anasenza lichero lake, ndipo kayendedwe kake kankaonetsa kuti nkhaniyo ifika kumsika nthochi zisanatulidwe.

"Nsomba yotere sindinadye chaka chino," a Khukhi anatero akupukuta foloko. "Koma ndili ndi funso, ndipo ndikufunsa atsikana awiriwa. Nyongolotsi ilibe mapiko. Yafika bwanji?"

Tsabola anayang'ana kumalata.

Amayi anayang'ana mwana wawo, anayang'ana mwana wa achimwene awo.

"Ndine."

Anali Kachete, manja atawapinda kutsogolo.

"Ndinaziika m'kapu m'mawa kuti ndizitenthe, ndiye ndinaiwala. Kapuyo ndinaisiya pafupi. Iyenera kuti inakwawa. Pepani, azakhali. Pepani, bambo."

Anali mawu ochuluka kuposa onse amene msewuwo unamumvapo chibwerere, ndipo theka lake linali bodza.

A Khukhi anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ukutsimikiza?"

"Ee."

Anatembenukira kwa Tsabola. "Nanga iwe uli ndi chowonjezera?"

Apa ndiye panali pamphambano. Liwu limodzi lokha likanakwana. Tsabola anayang'ana kajumbo kali pabenchi, mmene munkaonekera nsalu yoyera yopindidwa bwino.

"Ayi, bambo."

"Chabwino." A Khukhi anapumira m'mwamba n'kubwerera kwa Kachete. "Mwanangu, manja uli nawo, Mulungu sanakumane. Koma khitchini yanga imadyetsa khamu la anthu tsiku lililonse, ena ndi ana aang'ono, ena angotuluka kumene m'chipatala. Munthu woiwala chaiwisi pafupi ndi chakupsa sindingamuveke epuloni, ngakhale aziphika ngati mngelo. Kuumitsa nsomba ndingakukonze m'sabata imodzi. Kusasamala kumazindikirika anthu atagona kale pabedi."

Anatulutsa epuloni n'kuipereka kwa Tsabola. "Lolemba, seveni koloko, khomo la kuseri."

A Telala anaomba m'manja kawiri, n'kusiya ataona kuti akuomba okha.

5. Pampopi

Makasitomala atachepa, atsikana ananyamula mbale kupita kumpopi. Amayi anatsala pabenchi ndi a Khukhi, akulankhulana motsitsa mawu. Tsabola anali atakoleka epuloni paphewa. Inali yopepuka ngati pepala, koma phewalo linkapendekera komweko.

Anatsuka mbale zisanu osalankhula, zimene kwa Tsabola zinali ngati kusala kudya.

"Usadandaule, msuweni," anayamba. "Mwayi wina ubwera. Ndikakhazikika ndikakunenera."

Kachete anatsukuluza mbale ya maluwa n'kuiyang'ana padzuwa.

"Patapata alibe zingwe," anatero.

"Wati chiyani?"

"Unawerama pansi pa tebulo. Ndinali pambaula, koma maso ndinali nawo. Ndimayesa ukutenga kapu kuti ubweretse kumoto. Ndinazindikira azakhali atavundukula mbale."

Sopo anaterereka m'manja mwa Tsabola n'kugwera m'ngalande.

"Nanga... nanga bwanji sunanene?"

"Ndinene kuti chiyani? Kuti mwana wa mwini malo amaika nyongolotsi m'chakudya? Pamaso pa msewu wonse? Mawa akanabwera ndani kudzadya? Kuiwala anthu amakhululuka, msuweni, aliyense amaiwala. Zadala sakhululuka. Ine ndimadya m'nyumba ya azakhali, ndimafunda bulangete lawo. Chiwaya chija chikazizira tonse tigona ndi njala, iwe ndi epuloni yako yomwe." Anaika mbale pamwamba pa zinzake. "Ndipo ndinadikira. Atakufunsa paja, ndimati unena."

Tsabola anawerama n'kutola sopo m'ngalande muja.

"Azakhali sindiwauza," Kachete anatero akusenza beseni. "Katunduyo ndi wako."

Anapita. Tsabola anatsala yekha, madzi akungotayika. Kenako anamva mapazi kumbuyo kwake. Anali a Khukhi, ali paulendo wobwerera kuntchito.

"Tseka mpopi, wophika sataya madzi."

Anatseka.

"Amayi ako andionetsa pamene panali kapu ija. Andionetsanso shelefu." A Khukhi anayeza ndi dzanja kuchokera pansi mpaka pachifuwa. "Ndiye kanyama kaja kanakankha sosa, kanadutsa padothi lotentha, kanakwera khoma, kanatsegula chovundikira, kanalowa, n'kudzivundikiranso kokha. Zaka zonsezi sindinaonepo nyongolotsi yaulemu chonchi. Ndakalamba, koma kuphunzira sindinasiye."

Tsabola anagwira epuloni ndi manja onyowa.

"Lolemba m'mawa ndigula mlamba wa mumtsinje. Ubwere ndi msuweni wako, ubwerenso ndi amayi ako. Tikaike nyongolotsi imodzi pansi pa tebulo langa, tonse tikakhale pansi tiionerere ikukwera. Ikakwera, epuloniyo ndi yako mpaka ukalamba wako."

"Nanga ikapanda kukwera, bambo?"

A Khukhi anaika chipewa padazi lawo, anachiwongola bwinobwino.

"Pakali pano usalembepo dzina pa epuloniyo," anatero, n'kulowera kumsewu waukulu.

Tsabola anaima pomwepo, madzi akudontha m'zala. Kuchokera pansi pa malata anayi aja kunamveka mawu a amayi, osakuwa, osakalipa, otsika kuposa masiku onse.

"Tsabola. Tabwera kuno. Wekha."